Poto Amene Anandituma Nagama

Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakhomo anandichotsa ndi poto.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa phiri, kwa mkazi wanga Nagama. Mkamwini amafunitsitsa kuti anthu aone kuti m'manja mwake mumatuluka kanthu, choncho tsiku lina la msika ndinagula poto wonyezimira wa zogwirira ziwiri kwa bambo wina amene anayala katundu wake pansi pa mtengo. Sindinafunse kumene potoyo anachokera. Ndinangomugogoda ndi chala ngati munthu wodziwa, n'kumunyamula monyadira mpaka kunyumba. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinadya choposa phula.

Nagama anaphikamo nkhuku tsiku lomwelo. Tinadya ife awiri, alongo ake anadya nawo. Titatha, mkazi wanga anapita kuseri kwa nyumba kukakwecha potoyo ndi mchenga. Ndinamva kukwecha, kenaka kukwechako kunaleka. Kunangoti zii nthawi yaitali moti ndinadzuka kukaona.

Ndinamupeza atakhala pansi, poto atamuvundikira pamiyendo. Penti yasiliva imene inapakidwa kunsi kwake inali itapsa ndi moto, mchenga n'kumalizitsa, ndipo pakatikati penipeni panali chigamba chozungulira ngati batani la jekete. Pambali pa chigambacho panali timizere titatu tokanda ndi mpeni.

"Mukudziwa amene anaboola apa?" anandifunsa. Sanakweze mawu.

"Mwina panadyeka ndi moto," ndinatero.

"Moto sudya poto pakati mozungulira chonchi. Ndinaboola ndine, ndi msomali, tsiku limene tinaika mayi anga. Timizere iti anakanda ndi iwowo."

Kumeneko, monganso kwathu, munthu akamwalira amamuikira pamtumbira poto wake ndi mbale yake, ataziboola kunsi kuti wamoyo asadzazitolenso. Poto ameneyu anagona pamanda a apongozi anga zaka ziwiri, akumwa mvula ya kumanda, abuluzi akugonamo, mpaka munthu wina anamutola, n'kumumata chigamba, n'kumugulitsa kwa chitsiru chimene chinabwera naye kwa mwana wa mwini wake. Ndinasanza patsinde pa nthochi mpaka ndulu inatuluka, ndipo mpaka lero fungo la nkhuku yowira limandidzutsira mseru.

Nagama sanasanze. Anapereka potoyo kwa alongo ake kuti akamubwezere kumene anachokera, kenaka anaima pakhomo n'kundiuza mawu ake.

"Ukwati sindikukuchotsani. Koma m'nyumba muno simudzadyamo mpaka mutandibweretsera poto woyera, amene chonyansa sichinalowemo chiyambire. Mukamupeza mubwere, tidzadyere limodzi."

Ndinaona ngati ndi ulendo wa sabata imodzi. Ndinatenga jekete n'kutsika phiri.

Malo oyamba amene ndinaima anali a pamphambano, a masitolo anayi ndi chigayo. Ndinamva kulira kwa hamala pachitsulo, ndipo ndinakulondola mpaka pakhonde la a Kaliwo, okhoma zidebe ndi kumata mapoto. Ndinaganiza kuti ndikadziwa mmene poto amamatidwira, palibe adzandipusitsenso. Anandilandira, n'kundipatsa hamala yaing'ono ndi sizasi yodulira malata.

A Kaliwo anali ndi manja abwino ndi mtima wa fisi. Anandiphunzitsa kudula chigamba, kuchipinda milomo, ndi kuchikhoma mpaka chigwirane ndi poto. Anandiphunzitsanso zimene sindinapemphe. Chigamba ankachidula pa chitini chilichonse chimene atola kudzala, kaya cha penti, kaya cha mankhwala a thonje, osachitsuka n'komwe. Pamene pakudontha ankamatapo sopo wosakaniza ndi phulusa, pamwamba n'kupaka penti yasiliva ija. Amayi ankabwera kudzatenga mapoto awo akuthokoza ndi manja awiri.

"Aphwanga, mukamagula poto musamamuyang'ane kumaso," ankatero akuseka ndi mano awo atatu otsalawo. "Poto ali ngati munthu, zoona zake zili kumatako."

Masana ena, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene anthu sadutsa kufupi ndi manda, a Kaliwo anatenga thumba n'kulowa m'nkhalango ya kuseri kwa chigayo. Potuluka, thumba linali kulira. Anakhuthulira pakhonde mapoto anayi ndi ketulo, zonse zoboola pakati, m'kati muli masamba owola ndi zigoba za nkhono.

"Akufa sadya," anatero ataona nkhope yanga. "Chitsulo chizingoonongeka pachabe?"

Ngati anali iwowo amene anandigulitsa poto wa apongozi anga sindikudziwa. Nkhope za ogulitsa pansi pa mitengo zimafanana zonse. Tsiku limenelo akazi awo anatiphikira maungu mu poto wa chigamba pakati, ndipo a Kaliwo anadya akunyambita zala. Ine ndinasiya hamala pampando n'kunyamuka osatsanzika. Kuyambira pamenepo ndinaleka kudya chilichonse chodutsa mu poto. Ndinkangodya zowotcha, chimanga ndi mbatata ndi chinangwa, zimene ndaona ndi maso anga zikuchoka paphulusa.

Ndinati basi, poto wakale ayi, ndikufuna amene sanaphikidwemo. Anthu anandilozera ku tauni ina ya utsi, kumene kuseri kwa msika amaumba mapoto a aluminiyamu mumchenga. Ndinayenda mpaka nsapato zinatsegula pakamwa. Mwini ng'anjo kumeneko anali a Thombozi, bambo wamfupi wa nsidze zopsa, amene anandiika pa gudumu la njinga lopemerera moto. Ndinapukusa gudumu limenelo nyengo zingapo, ndipo dzanja langa lamanja linakula kuposa linzake.

Ntchito imeneyo ndi yokongola, sindinama. Amatsindira mchenga wonyowa m'bokosi mozungulira poto wachitsanzo, n'kumuchotsamo bwinobwino kuti patsale malo ake. Kenaka amathiramo chitsulo chosungunuka, choyera ngati mkaka. Akaphwasula mchenga, poto amatuluka ali wotentha, mthiko wa munthu usanamukhudzepo. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinatsala pang'ono kulira. Ndinasankha mmodzi wolemera bwino, ndinamupala ndekha ndi tupa mpaka anasalala, n'kukwera naye phiri.

Nagama ndinamupeza pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Anandilonjera ngati ndachoka dzulo. Anatembenuza poto, sanapeze chigamba, ndipo mtima wanga unayamba kuvina. Kenaka ananyowetsa kansalu koyera n'kupukuta m'kati mwamphamvu. Kansaluko kanatuluka kali bii.

"Poto uyu asanakhale poto anali chiyani?" anafunsa.

Nyengo zonse zija ndinkayang'ana moto, sindinayang'anepo mulu umene unkalowa m'motomo. Anandipatsa madzi akumwa m'chikho, pabwalo pomwepo, n'kubwerera ku mtedza wake.

Nditafikanso kwa a Thombozi ndinapita kuseri kwa ng'anjo kukafukula muluwo. Munali zitsulo za mainjini zodontha oyilo wakuda, zitini za mowa zokhala ndi zotsalira za fodya m'kati, ndi timabeseni tija amaikira odwala pansi pa bedi, tochokera ku chipatala china chimene chinatsekedwa, tina tidakali ndi litsiro louma m'mphepete. Ndili chiimire, a Thombozi anaswa batire la galimoto ndi nkhwangwa, n'kuponya mtovu wake mu chitsulo chowira.

"Zimenezo n'zachiyani, bambo?"

"Amayi amafuna poto wolemera, amati ndiye wolimba. Ndiye ndimawapatsa kulemerako."

"Nanga timabeseni ta odwala?"

"Moto umatsuka zonse, achimwene. Pukusani gudumu."

Sindinapukuse. Ndinayang'ana mapoto onyezimira amene anandandalika padzuwa, amayi awiri akuwanyamula m'manja kuyesa kulemera kwake, mmodzi ali ndi khanda kumbuyo. Ndinkafuna kuwauza, koma ndinali nditadya za ng'anjo imeneyo nyengo zambiri, choncho ndinangolavula pansi n'kumapita.

Pambuyo pake ndinapezeka mu mzinda wa magalasi. Sindikumbuka kuti ndinakwera chiyani. Ndimangokumbuka sitolo yaitali yozizira ngati m'mtsuko, yodzaza ndi ziwiya za kukhitchini zochokera kunja, chilichonse m'katoni mwake. Apa ndiye ndinati ulendo watha, chifukwa chinthu cha m'katoni munthu sanachigwirepo. Bwana wa tayi amene ankayang'anira sitoloyo anandiveka epuloni n'kundiimika pa tebulo pafupi ndi khomo, kuti ndizionetsa anthu mmene zipangizo zimagwirira ntchito.

Zinalipo zipangizo. Panali blenda yogaya tomato pa kuphethira kwa diso, chodulira anyezi chokoka ndi chingwe, chofinyira malalanje, makina owotchera buledi amene ankamulavula m'mwamba akapsa, ndi kena kake kamene ntchito yake inali kulekanitsa dzira, koyera uku kachikasu uku, ngati munthu alibe zala. Panalinso mapani akuda amene ankati chakudya sichimatirira. Anthu ankandizungulira kukamwa kuli yasa, ine ndikudina mabatani, ndipo ndinayamba kudziona ngati dokotala.

Tomato wa chionetsero ankagulidwa Lolemba n'kugwira ntchito mpaka Loweruka. Madzulo aliwonse ndinkangotsukuluza blenda ndi madzi, monga anandiuzira. Tsiku lina ndinamva kafungo, ndipo ndinamasula kunsi kwa mipeni yake kumene chala sichifika. Munali phala lakuda la tomato wa miyezi yonse ija, ndipo linali kuyenda. Ndinatsegula makina a buledi, mphemvu zinatuluka ndi ana awo omwe. Chodulira anyezi chinali ndi mano makumi angapo, ndipo dzino lililonse linasunga zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makatoni aja nawonso anali ndi mbiri yawo. Mumzindamo amayi ankachitirana maphwando opatsana ziwiya, ndipo Lolemba lililonse ena ankabwera kudzasintha mphatso zimene zawachulukira. Ankalumbira kuti sanagwiritsepo ntchito, chikhalirecho pachogwirira pali mafuta. Bwana wa tayi ankatipatsa chinsanza chimodzi, chomwe tinkapukutira pansi, kuti tipukute zinthuzo, tizibwezere m'katoni, timate tepi. Mawa lake wina ankagula akumwetulira kuti wagula chatsopano.

M'sitolo yonse ija, zinthu zoona mtima ndinapezamo ziwiri: chosendera mbatata cha chitsulo chimodzi, ndi sefa. Izi ungathe kuzitsuka paliponse, n'kuziyang'ana padzuwa, osapeza pobisala nyansi. Ndinaphunzira kumeneko kuti chipangizo chimene chala chako sichifika ponseponse si chako, ndi nyumba ya mphemvu imene wangoisungira malo.

Komabe ndinali nditatopa ndi mbatata zowotcha, ndipo munthu wotopa amadzinamiza yekha. Tsiku limene lole inatsitsa katundu watsopano ndinasankha katoni imodzi isanafike m'manja mwa wina aliyense. Munali poto wofiira kunja, wakuda m'kati, wa chivundikiro cha galasi. Ndinakwera naye phiri, ndipo phirilo ndinaona ngati lawonjezera msinkhu.

Nagama anali pakhonde akuswa mtedza m'lichero lomwe lija. M'mphepete mwa duku lake munkatuluka imvi. Anatembenuza poto, anapukuta ndi kansalu, kansalu kanatuluka koyera. Kenaka anakanda m'kati ndi chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo khungu lakuda lija linasupuka n'kumupiringizika pachala.

"Ichi chizipita kuti tikamatakasa ndiwo?"

"Amati musamatakase ndi chitsulo."

"Chikhadabo changa ndi chitsulo? Nanga zogwirira zapulasitikizi, pamafuwa zikhala masiku angati?" Anandibwezera poto, kenaka anandiyang'anitsitsa. "Mwaonda, bambo. Kumene mukuyendako mukudya?"

"Zowotcha basi."

"Inenso ndikuphikira mu phale," anatero. "Fulumirani."

Anandipatsa madzi m'chikho. Ndinamwa pabwalo, ndikuyang'ana chitseko cha nyumba yanga chili chotsegula, mpando wanga uli pomwe ndinausiya. Ndinamva chisoni chachikulu, ndiponso ndinamukwiyira, chifukwa akazi ena onse a m'dziko ankaphika mu zimene apeza, amuna awo n'kumanenepa.

Ndinayendanso. Ndinadutsa midzi imene ankaphikira m'zitini za penti, ndi misika imene chiwaya cha tchipisi sichinazizirepo chiyambire, mafuta ake akuda ngati phula, ntchentche zikugweramo n'kukazingika limodzi ndi mbatata. Paliponse pamene andilandira ndinkapempha kuona poto ndisanadye, ndipo paliponse ankanditukwana. Sindikuwadzudzula. Mlendo wotembenuza mapoto a eni nyumba ndi wonyansa kuposa mapotowo.

Tsiku lina basi inafera pa depoti ya tauni ina yafumbi, ndipo kuseri kwa kanyumba kodyera ndinaona thandala. Pathandalapo panavundikiridwa mapoto anayi, ndipo dzuwa linkabwerera pa iwo mpaka kundithobwa m'maso. Ndinayandikira ngati wakuba. Ndinatembenuza mmodzi, panalibe chigamba. Ndinapukuta ndi kansalu, ndinakanda ndi chikhadabo, ndinanunkhiza. Panalibe kanthu.

"Mwataya chiyani mu poto wanga, bambo inu?"

Anali mwini kanyumbako, mayi wamtali wa mikono yolimba, dzina lake Felista. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa nkhuku ija. Anaseka mpaka kugwira chipupa, kenaka anatenga poto mmodzi n'kundiphunzitsa zimene a Kaliwo, a Thombozi ndi bwana wa tayi sanandiuze.

"Ichi ndi chitsulo chosachita dzimbiri, amati sitenilesi. Gwirani kunsiku. Mwamva kukhuthala? Moto umayenda ponseponse, ndiwo sizipserera mbali imodzi. M'katimu mulibe msoko, mulibe penti, mulibe khungu losupuka. Zogwirira anazikhomera ndi misomali yake, n'zachitsulo. Chivundikiro chimakhala osagwedera. Poto ameneyu adzandiika m'manda."

M'khitchini mwake munalibe zambiri. Mapoto anayi aja, mpeni umodzi umene ankaunola pamwala m'mawa uliwonse mpaka unapyapyala pakati, thabwa lodulirapo, mithiko ndi zipande zimene ankaziyanika padzuwa, sefa, ndi presha kuka imodzi yophikira nyemba, imene ankaimasula yonse potsuka.

"Zina zonse ndi zidole za anthu osaphika," ankatero.

Tsiku limenelo anandipatsa nandolo, ndipo ndinadya chakudya cha mu poto koyamba chichokereni kwa a Kaliwo. Anandilemba ntchito yokwecha mapoto, ndipo palibe munthu anakwechapo mapoto ndi mtima wonse ngati ine. Ankati akapeza dalaivala wa lole wodalirika adzanditumira poto ngati ake, kuchokera kumene iye anagula. Madalaivala ankabwera n'kupita, ndipo wodalirikayo ankachedwa. Ine sindinkamufulumizitsa.

Dzinja loyamba ndinkagona m'khitchini pa matumba a makala. Dzinja lachiwiri sindinkagona m'khitchini. Felista anali mbeta, ine ndinali nditakhuta, ndipo phiri linali kutali. Sindinanyansidwe nazo ngakhale pang'ono, ine amene ndinkanyansidwa ndi chilichonse. Ndinanenepa, masaya anabwerera, ndipo madzinja ena anadutsa amene sindinawaone.

M'mawa wina ndinapeza katoni patebulo, yomata bwino, ya fumbi la ulendo wautali.

"Nayu poto wanu," anatero Felista akunola mpeni, osandiyang'ana. "Anafika kalekale, ndinangomubisa. Koma mwayamba kutchula a Nagama anuwo kutulo, ndipo ine sindidyera mbale imodzi ndi munthu amene sindikumuona. Pitani."

Phiri ndinalikwera masiku atatu. Poto ndinamusenza pamutu ngati mkazi, ndipo anthu a m'njira ankandiseka. M'mudzi munali nyumba zimene sindinazidziwe, ndi mabwinja pamene ndinasiya nyumba.

Nagama anali pakhonde ndi lichero lake, koma mtedza sankaswa. Zala zake zinali zitapindika ndi nyamakazi, ndipo thupi lonse linachepa ngati wina walichapa ndi madzi otentha. Ankatsokomola kachifuwa kouma. Anati mwafika, ine ndinati ndafika. Ndinang'amba tepi pamaso pake n'kumuikira poto pamiyendo.

Anamutembenuza movutikira. Anapukuta ndi kansalu, anakanda ndi chikhadabo, analowetsa mphuno m'kati n'kukhala choncho nthawi yaitali. Anayendetsa chala m'mphepete monse ndi kuzungulira zogwirira. Pomaliza anamugogoda, ndipo potoyo analira mawu amodzi aatali, oyera.

"Uyu ndiye poto," anatero.

Ndinakhala pansi pafumbi ndi chimwemwe. Iye anagwira zogwirira ziwiri kuti aimirire naye. Poto anakwera pang'ono, manja ananjenjemera, n'kubwereranso pamiyendo. Anayesa kachiwiri. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kothera m'chifuwa.

"Mwabweretsa poto wa mtsikana amene munamusiya. Ine sindingamunyamule ngakhale ali wopanda madzi. Lero muphika ndinu, ine ndizikuuzani."

Ndinamunyamula poto, ndinamugwira dzanja mkazi wanga, tinalowa m'khitchini. Pamenepo mpamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinaphunzira kumata mapoto, kuwaumba, kuwagulitsa ndi kuwakwecha, koma sindinaphikepo kanthu. Nagama anakhala pamphasa n'kumandilamula. Ndinapaka phulusa lonyowa kunsi kwa poto kuti mwaye usamugwire. Ndinasankha nyemba, ndinazitsuka, ndinasonkha moto wa nkhuni zitatu.

"Musamavundukule pafupipafupi, si mlendo woti muzimulonjera," anatero.

Nyemba zinawira masana onse. Anandiuza amene anamwalira, kuphatikizapo alongo ake aja, ndi amene anasamuka, ndi chaka chimene mtsinje unatenga dimba lathu. Za ulendo wanga sanafunse. Ndinadula tomato ndi anyezi mmene anandiuzira, fungo linadzaza m'khitchini, ndipo mseru sunandigwire. Ndinayang'ana mbale ziwiri zimene anaziika pambali pake, ndipo ndinaganiza kuti mavuto anga atha.

Nyemba zitafewa, anakankhira kachikho ka mchere kwa ine.

"Thirani mchere."

Ndinatapa ndi zala zitatu n'kutambasula dzanja pamwamba pa poto. Dzanja linaima pamenepo lokha. Kwathu tinakula tikudziwa kuti munthu wapabanja amene wagona kunja sathira mchere m'ndiwo za m'nyumba mwake. Akathira, mnzakeyo amadwala mdulo: chifuwa chimamugwira, miyendo imatupa, ndipo wofooka kale sadzukanso. Kutauni ndinamva anthu akuseka mwambo umenewu, inenso ndinaseka nawo. Koma kutauni kunalibe Nagama atakhala pamphasa, nthiti zikuwerengeka pansi pa bulauzi, akundiyang'ana dzanja.

Za Felista palibe ankadziwa m'mudzi monse. Ndikanangotsegula zala, ndipo tikanadyera limodzi monga anandilonjezera. Nthunzi inanditentha pamkono. Ndinaganiza za mkazi ameneyu akudya nyembazo, akundithokoza, osadziwa chimene chalowamo, ndipo ndinadzinyansa kuposa mmene ndinanyansidwira ndi thumba la a Kaliwo.

Ndinabweza mchere m'kachikho, ndinasasa zala mpaka kambewu komaliza.

Nagama anayang'ana kachikho, anayang'ana ine. Moto unathetheka kangapo. Sanafunse dzina, sanafunse kuti kunali kuti kapena kwa nthawi yaitali bwanji.

"Chabwino," anatero.

Anadzikhwekhwereza pamphasa mpaka pamafuwa, anatapa mchere ndi zala zake zopindika, anathira, anatakasa, analawa pachikhatho. Kenaka anapakula m'mbale ziwiri, mofanana, ndipo yanga anaiwonjezera msuzi.

"Poto mwapeza, ndathokoza. Mumusiye pamafuwa pomwepa, ndizimutsukira pomwepo. Inu kadyereni pakhonde." Anandipatsira mbale ndi manja awiri, mwaulemu, monga amachitira ndi mlendo. "Mukatha, mbaleyo mupite nayo. Isalowenso muno."

Ndinadyera pakhonde, pafupi ndi lichero la mtedza. Nyemba zokoma ngati zimene zija sindinadyepo, ndipo ndinachita manyazi kuzimeza. M'kati ndinkamva supuni yake ikugunda mbale pang'onopang'ono, ikuima akamatsokomola, kenaka n'kuyambanso. Ndinadikira mpaka inaleka, ndipo ndinatsika phiri dzuwa lisanalowe.

Mbaleyo ndidakali nayo m'thumba la jekete. Mudzi uliwonse umene ndafika ndimaikwecha ndi mchenga mpaka zala kupweteka, ndipo sindilola munthu wina kudyeramo.